Amplifier yodula, bolodi lodontha

Pepala lofotokoza IC yotchedwa ADA4530-1, yopangidwa ndi kampani ya Analog Devices, limalonjeza kuti karenti yolowa pa miyendo yake yolandirira siposa ma femtoampere 20 kukamatentha madigiri 25. LMP7721 ya Texas Instruments imalonjeza chimodzimodzi, ndipo LMC6001, imene inachokera ku National Semiconductor, imatuluka kufakitale iliyonse itayesedwa payokha kuti isapose 25. Malonjezowa ndi oona. Komabe munthu akagula imodzi, n'kuiwotcherera pa bolodi mmene amawotcherera IC ina iliyonse, n'kuyatsa, kawirikawiri amapeza karenti yochuluka kuwirikiza ka 100 kapena ka 1,000. Nambalayo sikhazikikanso: imasuntha akapumira pafupi, akayendetsa dzanja, ngakhale kunja kukayamba mitambo ya mvula. Ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa IC yachinyengo. Nthawi zina zimaterodi, poti msika wa pa intaneti uli ndi akathyali ake. Koma nthawi zambiri mlandu umakhala wa bolodi limene IC ija yakhalapo.

Manambala a nkhaniyi sakhala m'mutu mosavuta, choncho tiyambe ndi kukula kwa chimene tikuyezacho. Foni ikamatchajidwa imakoka ampere imodzi kapena ziwiri. Mukagawa ampere m'zigawo 1,000 mupeza milliampere, mukagawanso motero mupeza microampere, kenako nanoampere, kenako picoampere, ndipo femtoampere imafika pa kugawa kwachisanu. Femtoampere imodzi ndi ma electron pafupifupi 6,240 odutsa pa sekondi. Picoampere ndi ma electron opitirira pang'ono 6 miliyoni.

Karenti yochepa chonchi si nkhani ya akatswiri ongofuna kudzionetsera. Mita ya pH, imene ili m'malabu oyeza nthaka ngati a ku Chitedze ndi ku Bvumbwe, m'malo oyeretsera madzi akumwa ndi m'mafakitale a zakudya, imadalira kandodo ka galasi kotulutsa ma millivolt pafupifupi 59 pa pH imodzi iliyonse, kudzera m'galasi la resistance ya ma ohm mamiliyoni makumi kapena mazana. Vuto la kuwerenga kandodo kameneka ndi lomwe Arnold Beckman analithetsa ku California mu 1934, pamene mnzake wogwira ntchito m'makampani a mandimu anamupempha njira yoyezera asidi wa m'madzi a zipatsozo. Beckman anaikapo amplifier ya ma valve. Alamu ya utsi yokhala ndi americium-241 imamva moto poona kuchepa kwa karenti ya ma picoampere makumi angapo. Zipangizo zoyezera mphamvu ya makina ochizira khansa ndi cheza zimawerenga karenti yotuluka mu mpweya umene chezacho chadutsamo. Erwin Neher ndi Bert Sakmann analandira mphoto ya Nobel mu 1991 chifukwa chopeza njira yoyezera ma picoampere odutsa pa kabowo kamodzi ka khungu la selo. Zonsezi zili ndi malo amodzi ofooka: kachigawo kochokera pa sensa kukafika pa mwendo wolandirira wa amplifier.

Nkhani yonse yatsamira pa lamulo la Ohm, lija la ku sekondale, loti karenti ndi voltage yogawidwa ndi resistance. Chimene sichinenedwa kwambiri m'kalasi n'chakuti palibe chinthu chotchinga magetsi kotheratu. Pulasitiki, galasi, mphira, zonsezi ndi ma resistor, kungoti aakulu zedi. Mapepala akale a National Semiconductor, monga a LMC660 ndi LMC662, ali ndi chitsanzo chimene chakhala chikubwerezedwa zaka zambiri. Tinene kuti pakati pa mwendo wolandirira ndi kanjira ka mkuwa koyandikana nawo pali ma ohm 1 thiriliyoni. Multimeter wamba singaone kanthu pamenepo. Imangosonyeza kuti palibe kulumikizana. Koma kanjirako kakakhala kuti kanyamula ma volt 5, ma picoampere 5 azingodutsa, ndiwo ma femtoampere 5,000, kuwirikiza ka 250 zimene ADA4530-1 ija inalonjeza. Ndalama zonse zogulira IC yabwino zalowa m'madzi chifukwa cha kanjira kamodzi kolambalala pafupi.

Karenti yozembayi ili ndi njira ziwiri, ina m'kati mwa bolodi, ina pamwamba pake. Mabolodi ambiri ndi a FR-4, ulusi wa galasi wolukidwa n'kuumitsidwa ndi epoxy. FR-4 youma ndi yoyera imatchinga magetsi bwino ndithu kuposa mmene anthu amainyozera. Choipa chake n'chakuti imamwa chinyezi pang'onopang'ono, masiku kapena masabata, ndipo ikamwa imachitayanso mochedwa. Njira ya pamwamba ndiyo yoopsa, komanso yofulumira. Mpweya ukakhala wachinyezi, pa bolodi pamayala kansalu ka madzi kosaoneka ndi maso. Madzi okhawo sakanavuta kwambiri, koma amapeza mchere wowayembekezera: zotsalira za flux (mankhwala othandizira kuwotcherera), thukuta la zala, fumbi, mwaye wa utsi, mankhwala otsala kufakitale. Mcherewo ukasungunuka, njira yatseguka.

Apa pali msampha wa flux yolembedwa kuti no-clean. Opanga ake sananame. Pa bolodi la wailesi kapena la foni ingatsale osavuta kanthu. Koma anaipangira ntchito za ma microampere kupita m'mwamba. Pa femtoampere iyeneranso kutsukidwa, ndipo mwatsoka ndi imodzi mwa zovuta kuchotsa. Ikatsukidwa mwachibwana imangosungunuka pang'ono n'kupakika bolodi lonse, n'kusiya zoyerayera pansi pa IC pamene burashi safika.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake, ndipo apa nkhaniyi imatikhudza ife mwapadera. Chipangizo choyesedwa mu labu ya ku Massachusetts kapena ku California, momwe makina amaziziritsa ndi kuumitsa mpweya, chikafika ku Nkhata Bay kapena ku Mulanje mu February chimapeza dziko lina. Choopsa kwambiri ndi kusinthana kwa nyengo: fumbi la September ndi October limalowa m'bokosi n'kukhala phee osavuta kanthu, mvula yoyamba ikagwa limanyowa, ndipo mita imene inkagwira bwino ntchito imayamba kuyendayenda yokha.

Nanga tichitenji? Maganizo oyamba a aliyense ndi kufunafuna chotchinga chabwino koposa. Nzeru yeniyeni, imene ndi mutu wa luso lonseli, ili kwina. Alimi a mpunga ku Karonga ndi ku Nkhotakota amadziwa kuti madzi amalowerera mu mgula wa dothi kuchokera kumene kwadzaza kupita kumene kwaphwa, koma akalingana mbali zonse ziwiri, ngakhale mgulawo ukhale wosalimba, palibe chimene chimayenda. Magetsi nawonso amadutsa pokhapokha voltage ikasiyana. Ndiye m'malo molimbana ndi resistance, timachotsa kusiyanako. Timazunguliza malo olandirira onse, mwendo wa IC, waya wa sensa ndi mutu wa resistor, ndi mkombero wa mkuwa umene akatswiri amautcha guard ring, ndipo mkomberowo timausunga pa voltage yofanana ndi ya mwendo wolandirira, koma kuchokera ku gwero lamphamvu losagwedezeka ndi ma picoampere ochepa. Karenti yozemba kuchokera ku ma volt 5 aja imafika pa mkombero n'kumezedwa pomwepo. Pakati pa mkombero ndi mwendo palibe chokankha magetsi.

Manambala ake ndi okoma. Chitsanzo cha National chija chimapitiriza kuti mkombero ukasiyana ndi mwendo ndi ma millivolt 5 okha, ngakhale resistance itatsika kufika pa ma ohm 100 biliyoni, zodutsa ndi ma femtoampere 50 basi. ADA4530-1 ili ndi kabuffer kakekake m'kati koyendetsa mkombero, kamene sikasiyana ndi mwendo kupitirira ma microvolt 100. Pa ma ohm 1 thiriliyoni, zimenezo zimapereka gawo limodzi mwa magawo 10 a femtoampere. Bolodi ndi lomwelo, dothi ndi lomwelo, koma kudontha kwatsika kuwirikiza ka 50,000.

Pomwe ambiri amagwira njakata ndi pa funso loti mkomberowo ulumikizidwe kuti. Yankho limadalira mtundu wa circuit. Mu amplifier yosandutsa karenti kukhala voltage, imene imagwiritsidwa ntchito ndi photodiode kapena ndi zoyezera cheza, op-amp, ndiyo IC ya amplifier ija, imasunga mwendo wolandirira pa voltage ya mwendo unzake, umene nthawi zambiri uli pa ground. Pamenepo mkombero ungalumikizidwe ku ground, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mu mita ya pH mwendo wolandirira umakwera ndi kutsika motsata sensa, choncho mkombero uyenera kuutsatira, ndipo umayendetsedwa kuchokera ku mwendo wobwezera kapena ku buffer. Munthu akakopera chithunzi cha circuit yoyamba ija n'kuchiika pa yachiwiriyi, wadzitchera yekha. Pa pH 4 kandodo kamatulutsa ma millivolt pafupifupi 177, ndipo voltage yonseyo imakhala pakati pa mwendo ndi mkombero wa ground umene wauika pafupi kwambiri. Mkombero woteteza uja wasanduka ngalande yotayira.

Kamangidwe kake kamafunanso chidwi. Mkombero uzikhala mbali zonse ziwiri za bolodi, wolumikizidwa ndi timabowo ta mkuwa todutsa, ndipo pa bolodi la magawo angapo pansi pa malo olandirira pazikhala chimbale cha guard, osati cha ground kapena cha magetsi. Penti wobiriwira uja wophimba bolodi azichotsedwa pamwamba pa mkombero ndi m'kati mwake, kuti mkuwa ukhale poyera. Ukaphimbidwa, kansalu ka chinyezi kamangoyenda pamwamba pa pentiyo n'kuwoloka mkombero osaukhudza. Kakonzedwe ka miyendo ya IC nakonso kali ndi kanthu. Pa op-amp wamba ya miyendo 8, mwendo wachitatu, umene ndi wolandirira, uli khomo ndi khomo ndi wachinayi, umene umanyamula magetsi a negative. Opanga LMP7721 anasintha dala dongosolo limeneli, kutalikitsa miyendo yolandirira ndi ya magetsi n'kusiya miyendo yopanda ntchito pakati, kuti mkombero upeze podutsa. Sensa ikakhala patali, guard imapitirira mpaka m'chingwe: chingwe cha triax chili ndi waya wa pakati, chikuto cham'kati cha guard, ndi chikuto chakunja cha ground.

Njira ina ndi yachikale ndipo imaoneka yachimidzi, koma palibe yoiposa. Tengani IC ya miyendo italiitali, pindani mwendo wolandirira uloze m'mwamba osalowa pa bolodi, ndipo resistor ndi waya wa sensa muziwotcherere pa mwendowo m'malere. Mapepala a National aja amalimbikitsa zimenezi mosabisa. Mpweya umatchinga magetsi kuposa bolodi lililonse, ndipo sugwira flux. Pofuna kulimbitsa, mfundoyo imakhazikidwa pa kachipilala ka Teflon, pulasitiki imene Roy Plunkett anaitulukira mwangozi mu 1938 akugwira ntchito ku DuPont. Teflon simwa madzi, ndipo chinyezi sichiyala pa iyo mosavuta. Ena amaboola mpata pa bolodi kuzungulira malo olandirira kuti pakhale mpweya m'malo mwa FR-4. Vuto la njira ya m'malereyi n'lakuti makina a kufakitale saitha, ndipo mawaya olendewera amanjenjemera. Kwa munthu wopanga chipangizo chimodzi kapena ziwiri pa tebulo lake, ine ndimaona kuti ndi pomwe ayenera kuyambira.

Tsono tisakokomeze mphamvu ya guard, chifukwa pali zimene singathe, ndipo izi ndi zomwe zimasiyanitsa wodziwa ndi wongokopera. Choyamba, guard imathetsa karenti yokhazikika koma sithetsa phokoso. Resistor iliyonse imatulutsa phokoso la magetsi chifukwa cha kutentha kokha, monga John Johnson ndi Harry Nyquist anasonyezera ku Bell Labs mu 1928, ndipo resistor ikachepa phokoso la karenti limakula. Resistor yobwezera, yolumikiza mwendo wotulutsira ndi wolandirira, ikakhala ya ma ohm 1 thiriliyoni imapereka phokoso la femtoampere 0.13 mu bandwidth ya hertz imodzi. Dothi la ma ohm 10 biliyoni pakati pa mwendo ndi mkombero limapereka 1.3, kuwirikiza ka 10, ngakhale voltage italingana ndendende. Bolodi lakuda lokhala ndi guard limawerenga pafupi ndi ziro, inde, koma ndi ziro wonjenjemera. Mkombero si chilolezo chosiyira kutsuka.

Chachiwiri ndi resistor yobwezera yeniyeniyo. Iyo iyenera kukhala ndi voltage yosiyana ku mitu yake iwiri, apo ayi sikugwira ntchito, choncho thupi lake silingatetezedwe ndi guard. N'chifukwa chake ma resistor a ma ohm mabiliyoni ambiri ena amatsekeredwa m'kachubu ka galasi, ndipo amagwiridwa ndi kapani ku miyendo, osati ndi zala pa thupi. Chidindo cha chala chimodzi pa resistor ya 1 thiriliyoni ndi resistor yachiwiri yoikidwa pambali pake, yosinthasintha ndi nyengo. Palinso capacitance yobisika: gawo limodzi mwa 10 la picofarad pa resistor ya 100 biliyoni limachititsa kuti amplifier isathe kutsata chilichonse chofulumira kuposa ma hertz 16.

Chachitatu, ndipo chozunguza mutu kwambiri, n'chakuti zotchinga magetsi zimatulutsanso karenti yawoyawo. Pulasitiki ndi epoxy zikakhala pa voltage zimasunga magetsi ena m'kati, ndipo voltage ikachoka zimawabweza pang'onopang'ono. Mukayatsa chipangizo mumaona nambala ikutsika mwaulesi, mphindi khumi, theka la ola, osafika. Analog Devices inayesa zimenezi poika voltage yaikulu pa zidutswa za mabolodi n'kuichotsa: FR-4 inatenga pafupifupi ola kuti karenti yake itsike kufika ma femtoampere ochepa, pamene Rogers 4350B, bolodi lopangidwira ma circuit a wailesi, inatenga masekondi. N'chifukwa chake bolodi lawo losonyezera ADA4530-1 lili ndi Rogers pamwamba. Palinso timabatire tobadwa tokha: zitsulo ziwiri zosiyana, monga mkuwa ndi mtovu wowotcherera, zikakumana ndi flux yonyowa zimapanga batire, ndipo pa bolodi losatsukidwa bwino karenti yake ingafike ma nanoampere. Imeneyi sifuna ma volt 5 oyandikana. Imakhalapo ngakhale chipangizo chili chozimitsa.

Kuyenda kulikonse kumabalanso karenti. Chingwe chikapindika, pulasitiki yam'kati imakhudzana ndi mkuwa n'kusiyana nawo, ndipo magetsi amabadwa. Zingwe zopangidwira ntchitoyi zimakhala ndi graphite pakati pofuna kuchepetsa zimenezi, komabe ziyenera kumangidwa kuti zisagwedezeke. Teflon yomwe taitama ija ili ndi chilema chake: ikafinyidwa kapena kupindidwa imatulutsa magetsi, ndipo ikawagwira pamwamba imakhala nawo nthawi yaitali. Kachipilala komangidwa mothina kwambiri kangavutitse masiku angapo. Ndipo ngakhale popanda kukhudza chilichonse, waya wa ma volt 5 akamasuntha pang'ono moti capacitance yake ndi mwendo wolandirira isinthe ndi femtofarad imodzi pa sekondi, ma femtoampere 5 alowa kale. Munthu wovala juzi ya nayiloni wodutsa pafupi amanyamula ma volt mazana kapena masauzande. Apa mankhwala ake si guard koma bokosi lachitsulo lotsekedwa mbali zonse ndi kulumikizidwa ku ground, limene limatchinganso phokoso la ma hertz 50 lochokera ku mawaya a m'nyumba, komanso kuwala, poti diode ya galasi ikaona dzuwa imasanduka photodiode.

Pansi penipeni pamatsala zimene bokosi silingatchinge. Mpweya uli ndi radon pang'ono, ndipo kanthu kamodzi ka alpha kotuluka mu radon kamang'amba mpweya n'kusiya ma ion awiriawiri pafupifupi 150,000. Ameneyo ndi magetsi ofanana ndi ma femtoampere pafupifupi 24 oyenda sekondi yathunthu. Cheza chochokera kuthambo chimachitanso zofanana. Pa chojambulira zimaoneka ngati kulumpha kwadzidzidzi kobwera mwa apo ndi apo, ndipo munthu angathe sabata akufunafuna waya womasuka amene kulibe. Chothandiza ndi kuchepetsa mpweya wozungulira malo olandirira, ndiye kuti kabokosi kam'kati kakhale kakang'ono. Bob Pease wa ku National Semiconductor, amene anamwalira mu 2011, analemba za Teflon ndi za ma femtoampere m'magazini ya Electronic Design kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ngakhale ma IC asintha, mavuto amene ankalimbana nawo ndi omwewa mpaka lero.

Za kutentha tingodutsa mwachangu. Karenti yodontha mu silicon, makamaka mu ma diode oteteza amene ali pa mwendo uliwonse wa IC, imawirikiza kawiri madigiri 10 aliwonse. Lonjezo la pa madigiri 25 likafika ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu November, m'bokosi lotentha madigiri 45, lawirikiza kanayi. Regulator yotentha isakhale pafupi ndi amplifier. N'zochititsa chidwi kuti ADA4530-1 imapirira kutentha chifukwa opanga ake anagwiritsa nzeru ya guard yomweyo m'kati mwa IC, kusunga ma diode otetezawo opanda voltage pa mitu yawo.

Tibwere ku kutsuka, ntchito yonyozeka imene imapulumutsa zambiri kuposa china chilichonse. Chotsukira chake ndi isopropyl alcohol yoyera kwambiri, ndi burashi yatsopano yosagwirapo ntchito ina. Chinsinsi chili pa kutsukuluza: alcohol yoyamba imasungunula dothi, koma ikauma pomwepo dothilo limatsala, longosamuka malo. Bolodi lipendekeke, alcohol yatsopano ithiridwe kuchokera ku malo olandirira kutsikira kunja, kangapo. Popeza alcohol sichotsa bwino mchere, ambiri amatsukuluzanso ndi madzi ochotsedwa mchere wonse, osati a pampopi kapena a m'botolo akumwa. Kenako bolodi liumitsidwe mu uvuni wofunda maola angapo, pa kutentha kumene zipangizo zonse zili pamenepo zingapirire, chifukwa madzi obisala pansi pa IC sachoka ndi mphepo yokha. Likatuluka lisagwiridwenso ndi manja. Sipiriti wofiirira wa m'magolosale, amene okonza mafoni amatsukira mabolodi, pano sayenera n'komwe: utoto wake ndi zina zothiramo zimatsala pa bolodi. Thinner ndiye amadya mapulasitiki ena.

Pa nkhani yopaka vanishi woteteza, akatswiri sagwirizana. Ena amati kumalo a chinyezi ndi fumbi bolodi losapakidwa silikhalitsa. Ena amayankha kuti vanishi amatsekera m'kati dothi lililonse lotsala, amamwa chinyezi mwakachetechete, amasunga magetsi ngati epoxy, ndipo akalakwika sachoka. Onse akunena zoona, kungoti akunena za milingo yosiyana. Pa ma nanoampere ndi ma picoampere ambirimbiri, vanishi wabwino pa bolodi loyera ndi louma amathandiza. Pa ma femtoampere ine ndingasiye malo olandirira osapaka, n'kutseka kabokosi bwinobwino ndi kapaketi ka silica gel m'kati, kosinthidwa nthawi ndi nthawi.

Mkangano wina ndi woti kodi FR-4 itayidwe. Yankho langa ndi ayi, pokhapokha muli ndi chifukwa chooneka. Ngati mukuyeza ma picoampere, FR-4 yoyera yokhala ndi guard yabwino ikukwanirani. Ngati mukutsikira ku ma femtoampere koma mungadikire kuti nambala ikhazikike, mwendo wa m'malere pa bolodi la FR-4 ukufikitsani. Rogers kapena bolodi la Teflon limafunika pamene chipangizo chiyenera kupangidwa chochuluka ndi makina, kukhazikika msanga chikangoyatsidwa, kapena kugwira ntchito potentha. Kugula bolodi lodula musanaphunzire kutsuka ndi kungosamutsira dothi pa malo okwera mtengo. Ndipo kumbukirani kuti bolodi si lokhalo limene limakhudza malo olandirira: socket ya IC, switch, cholumikizira chingwe ndi capacitor zonse zili pa mzere womwewo. Socket ichoke. Capacitor ikhale ya polystyrene, ya Teflon kapena ya C0G.

Mungadziwe bwanji kuti mwapambana, poti multimeter singaone zimenezi? Amplifier yomweyo ndiyo mita yanu. Chotsani sensa, tsekani bokosi, ndipo m'malo mwa resistor yobwezera ikani capacitor yabwino ya ma picofarad 10. Karenti iliyonse yolowa imadzaza capacitor ija, ndipo voltage yotuluka imakwera pang'onopang'ono. Ikamakwera millivolt imodzi pa sekondi, ndiye kuti ma femtoampere 10 akulowa. Pamangofunika multimeter wamba ndi wotchi. Kenako sinthani pang'ono voltage ya magetsi oyendetsa: liwiro lija likasintha nawo, pali njira yozemba kuchokera ku magetsiwo, ndipo guard yanu ili ndi mpata. Yesero lina ndi losavuta koposa. Tsegulani bokosi, uzirani mpweya wa m'kamwa kamodzi chapatali, osalavulira, n'kutsekanso. Bolodi loyera limalumpha n'kubwerera msanga. Lakuda limapita kutali n'kukhalitsa komweko. Mukatha yeserolo tsukaninso, poti mpweya wa m'kamwa nawo suli woyera.

Ambiri mwa owerenga sadzapanga amplifier yotere, koma ali nayo kale pa benchi ya labu. Kandodo ka pH ka ma ohm 500 miliyoni kakalowedwa ndi ma picoampere 10 ozemba, kamalakwitsa ndi ma millivolt 5, pafupifupi 0.08 pa mlingo wa pH, ndipo cholakwikacho chimasintha ndi nyengo moti kukonza mita m'mawa sikuthandiza masana. Malo ofooka kwambiri pa mita yotere ndi cholumikizira cha BNC kumbuyo kwake, pamene madzi okonzera mita amadonthera ndi pamene zala zonyowa zimagwira. Mita yanu ikayamba kuyendayenda nthawi ya dzinja, musanalembe kalata yopempha kandodo katsopano kapena mita ina, masulani cholumikiziracho, tsukani kapulasitiki koyera ka pakati ndi isopropyl alcohol mbali zonse ziwiri, chisiyeni chiume usiku wonse m'chidebe chotseka chokhala ndi silica gel, ndipo muyesenso m'mawa.